Kapichira wa pa Khonde la Alamu

Galimoto ija inafika ku Nkhudzi itaberekedwa pa lole, ndipo ichi chokha chinapatsa anthu nkhani yocheza sabata yathunthu. Galimoto yanji yochoka ku Joni mpaka kuno osaponda pansi? Ataitsitsa pamphambano, mwini wake analowamo n'kuyamba kuyenda popanda phokoso, popanda utsi, moti mbuzi zogona pamsewu sizinaone chifukwa chodzukira. Anachita kutulutsa mutu pawindo n'kuzikalipira. Mkulu wina wokonza injini za maboti anapempha kuti atsekule boneti, anasuzumira nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu mwachisoni. Ati alamu athuwa awabera, awagulitsa galimoto yopanda injini.

Tonse timawatcha alamu chifukwa ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Namwera, anakwatira kuno, ndipo zaka zambiri anathera ku Johannesburg. Chimene chinawagulitsa galimoto yamagetsi ndi mizere ya petulo ija inayamba kutisautsa mu 2022, pamene munthu unkagona pa filing'i siteshoni kapena kugonjera anyamata a zigubu a m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay. Alamu analumbira pamaso pa anthu kuti pamzere sitidzawaonanso. Inde sitinawaonepo. Mzerewo unachita kuwatsatira kunyumba kwawo.

Zinayamba usiku wina wa mu Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale nyanja imaleka kupuma. Magetsi anathima cha m'ma sikisi. Ifetu mdima tinauzolowera. Mvula ikagwa kwambiri zinyalala zimatseka makina ku Nkula, ikapanda kugwa madzi a mu Shire amachepa, ndipo namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho aliyense anangoyatsa tochi ya pafoni n'kutulutsa mkeka panja. Koma kuyang'ana kwa alamu, babu la pakhonde lili ngwee, fani ikuzungulira, wailesi yakanema ikuonetsa mpira. Jenereta osamveka. Chingwe chakuda chinkachoka m'nthiti mwa galimoto, kudutsa pawindo, kulowa m'nyumba.

Woyamba kufika anali mwana wa neba, atatumidwa kudzabwereka machesi. Machesi sanatenge, koma anathamanga ndi uthenga. Pasanathe ola, anthu amene sanapondepo pakhomopo chichitikire ukwati anakumbukira kuti sanawalonjere alamu chibwerere ku Joni.

Kwathu kuno sitipempha chinthu tisanafunse za moyo. Munthu amafika, kukhala pansi, kufunsa za ana, za ulendo, za malire a ku Mwanza ngati akadali ovuta, foni ili phee m'thumba limodzi ndi tchaja yake. Pakapita mphindi makumi awiri ndiye amadzidzimuka. "Aa, alamu, kodi kuno aliko? Ndiye bwanji kafoni kangaka kangonunkhizako pang'ono." Kafoni kamodzi kamatuluka ndi anzake atatu, ka mayi a kunyumba, ka apongozi, ndi kena kosweka galasi komwe mwini wake sadziwika.

Alamu, posangalala ndi ulemu umene mkamwini sauona kawirikawiri, analakwitsa chinthu chimodzi. Anayamba kufotokoza. Ati batire ya galimotoyi imasunga mayunitsi pafupifupi 60, mayunitsi omwewa timagula a pamita. Ati foni imodzi imadya kachigawo kochepetsetsa ka yunitsi, moti batire yodzaza ikhoza kutchaja mafoni masauzande angapo, ndipo firiji imangodya yunitsi imodzi kapena awiri pa tsiku. Anawonjeza kuti nzeruyi inakula ku Japan chitachitika chivomezi ndi chigumula cha mu Malichi 2011, pamene a Nissan anatulutsa mu 2012 chipangizo cholola galimoto yawo ya Leaf kuyatsa nyumba. Anatchulanso za ku Texas, kumene mu Febuluwale 2021 chisanu chitagwetsa magetsi anthu ena anayatsa nyumba zawo ndi mapikiapu a Ford. Zonsezi n'zoona. Chimene alamu anaiwala n'chakuti ku Japan ndi ku Texas galimoto imodzi imayatsira banja limodzi, ndipo mawu akuti banja kumeneko amathera pageti. Anthu a ku Nkhudzi pa nkhani yonseyi anatolapo mawu awiri okha, mafoni masauzande.

Kutacha, magetsi asanabwere, kunafika wilibala. Munali firiji ya mayi wogulitsa mafilizesi, amene anati sakupempha iyeyo koma ana asukulu. Pambuyo pake panabwera wometa ndi makina ake, mpando, galasi ndi makasitomala awiri, mmodzi atametedwa mbali imodzi kuyambira dzulo. Siginala wina anabwera ndi mabatire a nyali zokopera usipa, nanena mosabisa kuti ngati usipa usowa mawa, mudzi udziwa amene wausowetsa. Mphunzitsi anabwera ndi laputopu. Mnyamata wa vidiyo sho sanabweretse kanthu, anangobwera ndi chingwe chachitali cholumikizalumikiza ndi mapepala apulasitiki, n'kufunsa kuti alowetse pati.

Vuto linabuka pamene achemwali awo a mayi a m'nyumbamo analumikiza ketulo, wina n'kulumikiza ayironi nthawi yomweyo. Zonse zinathima kamodzi. Magalimoto otere ali ndi malire a mphamvu imene angatulutse pa nthawi imodzi, makilowati awiri kapena atatu ndi kanthu, ndipo ketulo yokha imafuna awiri. Galimoto ikaona kuti yasenzetsedwa mopyola, imadula yokha. Anthu anakhala chete kamphindi, kenako kunamveka kudandaula kuja tonse timakudziwa, "Aaaa!", koma ulendo uno maso onse anali pa alamu. Gogo wina anafunsa ngati achita dala.

Panali mnyamata wina wodziwa zonse amene anapereka nzeru yoti chingwe cha galimoto achilowetse mu soketi ya pakhoma, nyumba yonse iyake, mwinanso ndi ya apongozi. Mwamwayi wamagetsi wa pamsika anali pomwepo, akudikira foni yake. Anadumpha ngati wapsa. Anati mukatero moto umabwerera m'mawaya a panja mpaka kukafika pa thiransifoma, ndipo munthu amene wakwera pa pholo kukonza, ali ndi chikhulupiriro choti mawaya ndi ozizira, amafera pomwepo. Komanso magetsi akabwera mwadzidzidzi amakumana ndi a galimoto, zotsatira zake n'kugula zipangizo zatsopano. Chofunika ndi swichi ya tchenjiova, yodula nyumba ku mawaya a panja isanalandire moto wa galimoto. Anthu anavomereza kuti ndi mawu anzeru, ndipo anagwirizana kuti alamu agule swichiyo.

Chimene palibe ankafuna kumva n'chakuti galimotoyi sipanga magetsi. Anthu ankaiyesa chitsime pamene ili mtsuko chabe, umene mwini wake amayenera kuutungira. Pa soketi wamba ya m'nyumba, kudzaza batire yoteroyo kumatenga kuposa tsiku lathunthu, ndipo mayunitsi ake amachoka pa mita ya alamu. Ndiye magetsi akabwera, mudzi wonse umabalalika kukayatsa zawo, alamu n'kutsala okha akuyang'ana mita ikutsika. Wina anayesapo kupereka kangachepe? Mayi wa mafilizesi anasiya mafilizesi awiri, ofiira. Siginala analonjeza kambale ka usipa mwera ukadzaleka. Alamu atayerekeza kutchula za ndalama, apongozi aakazi anawaitanira kuseri n'kuwakumbutsa modekha kuti galimotoyo yaima pa dothi la ayani.

Apa m'pamene alamu anasintha. Munthu uja ankatukwana kuthimathima kwa magetsi a ku Joni ndi a kuno komwe, tsiku lina anamata pepala pageti. Pamwamba analemba kuti Chidziwitso kwa Makasitomala Athu Onse. Anagawa mudzi m'magulu atatu. Gulu A, la kumunsi kunyanja, m'mawa. Gulu B, la kumsika, masana. Gulu C, la kuphiri, madzulo ngati mphamvu ilipo. Ketulo, ayironi ndi mbaula yamagetsi n'zoletsedwa. Pansi anamaliza ndi kupepesa chifukwa cha zovuta zimene izi zingabweretse. Ndinawerenga pepalalo kawiri, ndipo ndinazizwa kuona mmene chinenero chimenechi chimamerera chokha pakamwa pa aliyense wogwira swichi.

Madandaulo sanachedwe. A Gulu C anati ndondomekoyo sikutsatidwa. A Gulu A anati pali kukondera, popeza chingwe chopita kwa apongozi sichithima ngakhale batire itatsika bwanji. Alamu anayankha kuti imeneyo ndi layini yapadera, monga ya kuchipatala. Tsiku limene Bullets inkasewera ndi Wanderers, galimoto inadula mpira utatsala mphindi zochepa, ndipo popeza alamu ndi a Manoma, palibe wa Maule amene anakhulupirira kuti vuto linali ketulo. Nkhaniyo inakafika kwa amfumu. Amfumu anamva mbali zonse, foni yawo ili pa tchaja m'galimoto momwemo, nagamula kuti pakhale komiti. Komiti inasankhidwa, ya anthu khumi, ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma wopanda chuma choti asunge. Alamu anaikidwamo ngati membala wamba.

Kunena chilungamo, pali masiku amene galimotoyi inagwira ntchito yoti munthu sungaiseke. Pa maliro a gogo wina inayatsa mababu pasiwa usiku wonse, azimayi akuphika poyera, oyimba akuona m'mabuku, popanda jenereta yolimbana ndi nyimbo. Mayi wina wodwala shuga amasunga mankhwala ake m'firiji ya alamu. Koma zabwino zomwezi ndi zimene zinamaliza kuilanda galimotoyo m'manja mwa mwini wake, pakuti chinthu chikagwirapo ntchito pamaliro chimakhala cha mudzi.

Loweruka lina m'mawa alamu anavala jekete, nazula chingwe, nati akupita ku boma kukaona m'bale wawo amene wagonekedwa m'chipatala. Asanatuluke pageti, wapampando wa komiti anali ataima kutsogolo kwa galimoto, manja kumbuyo.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Ulendo wa kuti ndi magetsiwa?"

"Ndikupita ku Mangochi, achimwene. Ndibwera madzulo."

"Ayi, kupita pitani, ife sitingakuletseni. Koma mwaiwala kuti lero kuli chinkhoswe kwa a mlembi? Zokuzira mawu tabwereka kale. Nanga nsomba zili m'mafiriji atatuwa mukuzisiyira ndani?"

Alamu anayang'ana sikirini ya pa chiwongolero. Batire inali pa 31 peresenti, yokwana kupita ndi kubwera ngati sapatuka. Anayang'ana wapampando, anayang'ana apongozi amene anali atatuluka ndi tsache n'kuima osasesa. Anatsika, nabwezera chingwe m'malo mwake, n'kuyenda wapansi mpaka pamphambano.

Wakabaza amene anawanyamula anawauza kuti mtengo wakwera, petulo akugula wa m'chigubu. Ali pa Makawa foni yawo inalira. Anali mlembi wa komiti, kufunsa ngati anasiya makiyi, chifukwa galimoto yadulanso ndipo akuganiza kuti wina walumikiza ketulo.