Malangizo kwa bakiteriya wofuna kukhalitsa m'thupi la munthu

Mphwanga, ngati walowa m'matumbo kapena m'mapapo a munthu ndipo ukufuna kukhalitsa, leka kudziphikira vitamini B2. Ndikudziwa kuti ndi mwambo wa kwanu: a E. coli amaphika, a Salmonella amaphika, ngakhale akuluakulu oyambitsa chifuwa chachikulu amaphika. Koma mwini thupi satha kupanga vitamini ameneyu, amamupeza mu mkaka, mazira ndi masamba. Akangoona zinyenyeswa za maphikidwe ake, wadziwa kale kuti kwabwera mlendo. Kuli ngati kutcheza kachasu kuseri kwa polisi, kenako n'kumafunsa kuti wandinenera ndani.

Kazitape woti uzimuopa ndi puloteni yotchedwa MR1. Abale ake a banja la MHC amanyamula zidutswa za mapuloteni, koma iyeyu amatola tinthu ting'onoting'ono tomwe ena sangatiwerengere. Nthawi zambiri amangokhala phee m'kati mwa selo. Usapusitsike. Iwe pophika umataya kanthu kotchedwa 5-A-RU. Kakakumana ndi methylglyoxal, yemwe amatsala maselo akamaphwanya shuga, kamasanduka 5-OP-RU. Mwina udzitonthoza kuti kameneka sikachedwa kuwonongeka m'madzi. N'zoona, koma MR1 amakawakha kasanawonongeke, n'kukamangirira pa malo ake otchedwa lysine 43, ndipo mpamene amatulukira kunja kwa selo kukakaonetsa kwa asilikali a mtundu wa T otchedwa MAIT. Awa sayamba apita kukaphunzira nkhope yako. Amafika zida zili m'manja, amaboola selo yomwe wabisalamo, n'kuitananso anzawo.

Ku chiwindi usapondeko. M'magazi asilikaliwa amatha kufika 10 mwa maselo a T 100 aliwonse, koma m'chiwindi amachuluka kuposa pamenepo.

Ukafuna womukwiyira, yambira ku Paris, komwe gulu la Olivier Lantz linasonyeza mu 2003 kuti MAIT amadalira MR1. Kenako pita ku Melbourne. Kumeneko James McCluskey, Jamie Rossjohn ndi anzawo anaulula mu 2012 chimene kazitapeyu amanyamula. Choyamba kuchipeza chinali 6-FP, chotsalira cha folic acid, chomwe MR1 amachinyamula bwinobwino koma MAIT satekeseka nacho. Akadalekera pomwepo bwenzi lero ukugona tulo.

Tengera nzeru kwa a Listeria ndi a Streptococcus pyogenes. Iwo saphika, amangodya za eni ake, choncho MR1 amasowa chowanenera. Komabe usavine msanga, pakuti mavairasi nawo saphika kanthu, koma MAIT amadzukabe akamva mfuu ya IL-12 ndi IL-18 kuchokera kwa maselo ena.

Ukaganiza zozimitsa moto, uyambe wapeza pokaba, chifukwa popanda B2 sungathe kusandutsa chakudya kukhala mphamvu. Pakati pa njala ndi MAIT, usankhe wekha, mphwanga.