Ndinapha alamu ndi chala changa

Kwathu ku Ndirande magetsi akazima, maso a aliyense amathamangira pa kachizindikiro ka batire. Ine ndinali ndi chizolowezi chimene ndinkachiyesa nzeru. Ndikamaliza kugwiritsa ntchito pulogalamu iliyonse pafoni, ndinkaikankha ndi chala kuti ichoke pamndandanda wa zotsegula, pokhulupirira kuti zotsalira kumbuyozo ndi zimene zimadya moto.

Tsiku lina magetsi anazima masana osabwereranso, ndipo pofika usiku foni inali pafupi kuthima. M'mawa mwake ndinkayenera kukachingamira amayi kudepoti ya Wenela. Ankachokera ku Mzimba pa basi ya usiku kudzaonetsa maso kuchipatala, pakuti ng'ala inali itawakuta moti ngakhale ulusi sankathanso kulowetsa pasingano. Foni analibe. Achemwali anga a ku Johannesburg, amene analipira ulendowo, anandiuza kuti andiimbira pa WhatsApp 4 koloko kuti ndisagonereze. Ndinatcheranso alamu.

Kenako mantha anandigwira: nanga moto ukatha pakati pa usiku? Kukankha ndi chala ndinaona kuti sikukwanira. Ndinalowa mu Settings, n'kuyamba kudina Force stop pa pulogalamu iliyonse, imodziimodzi pamndandanda wonse. Facebook, YouTube, WhatsApp, mpaka Clock imene inasunga alamu ija. Foni inkandichenjeza kuti pulogalamuyo mwina sigwira bwino ntchito, koma ine ndinkangodina OK osawerenga. Ndinagona mtima uli m'malo.

Chimene chinandidzutsa ndi nambala yachilendo, dzuwa litakwera kale. "Achimwene, kuno kudepoti kuli agogo akukudikirani kuyambira mbandakucha." Anali mayi wogulitsa tiyi, amene anaona amayi atakhala pathumba lawo la ufa, atafunda chitenje chifukwa cha chisanu. Anawamasulira kapepala kamene anamanga pansonga ya chitenjecho, n'kuwerenga nambala yanga. Nditatsegula WhatsApp, mauthenga a achemwali anagwa onse pakamodzi. Foni inali idakali ndi moto.

Ndinakwera kabaza thukuta lili kamukamu. Amayi sanakalipe. Anangondigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, wadwala kodi?" Funso limenelo limandiwawa mpaka lero. Pofika kuchipatala mzere wa tsikulo unali utatsekedwa, ndipo tinauzidwa kubwera sabata yotsatira.

Ndinapita ndi foniyo kwa mnyamata wokonza mafoni ku Limbe ndili wokwiya, ndikuti yawonongeka. Anandifunsa zimene ndinachita usikuwo, ndipo nditafotokoza anapukusa mutu. Anati pulogalamu ukaidina Force stop imafa kotheratu: alamu zake zimafafanizika, mauthenga salowa, mpaka mwini wake uitsegulenso ndi dzanja. Batani limenelo ndi la pulogalamu imene yauma, yosayankha. Za kukankha ndi chala zija anati ndinkangodzivutitsa. "Achimwene, mbaula mukamaizimitsa n'kuikolezanso nthawi iliyonse mukafuna kuphika, makala amatha msanga kuposa kuisiya ikunyeka pang'onopang'ono."

Nditafufuza ndinapeza kuti sankanama. Mapulogalamu ambiri amene timawaona pamndandanda uja amakhala ali mtulo, ndipo foni imawachotsa yokha ikafuna malo. Kuwatsegulanso kuyambira pachiyambi n'kumene kumafuna mphamvu zambiri. Android ili ndi njira yotchedwa Doze kuyambira 2015, imene imagoneka mapulogalamu foni ikakhala osakhudzidwa. Mu 2016 Craig Federighi, mkulu woona za mapulogalamu ku Apple, munthu wina atafunsa ngati amatseka mapulogalamu komanso ngati kutero n'kofunika posunga batire, anayankha kuti ayi pa mafunso onse awiri. Hiroshi Lockheimer wa ku Google ananenanso zofanana chaka chomwecho. Eni ake opanga zinthuzi sachita zimene ine ndinkachita tsiku ndi tsiku, komanso zimene ndinaphunzitsa anzanga kuntchito.

Chimene chimadyadi moto ndi sikirini yowala kwambiri, makanema, Location yosiyidwa yoyatsa, ndiponso netiweki yofooka, chifukwa foni imalimbikira kusaka. Usiku uja ndikanangochepetsa kuwala, n'kuyatsa Battery Saver, n'kuisiya foniyo pamkeka. Ndipo mu Settings, pa Battery, foni imakuonetsa yokha pulogalamu imene ikuwononga moto, moti palibe chifukwa chopha zonse mwachimbulimbuli.

Inu amene mawa muli ndi ulendo, mayeso kapena wodwala woti mukamuone, siyani Clock ndi WhatsApp zikhale. Musanagone yang'anani pamwamba pa sikirini ngati kachizindikiro ka alamu kakuoneka, ndipo ngati nkhaniyo ndi yaikulu, pemphaninso woyandikana naye nyumba kuti adzakugogodereni.