Kandimverere anapeza ntchito ku Italy

Akuluakulu anati Kandimverere anakanena zam'maluwa. Ankadzudzula waulesi amene amatuma mnzake kubwalo kuti akamumverere mlandu, wotumidwayo n'kubwerako ndi nkhani zopanda mutu, mfundo yeniyeni ataisiya komweko. Chimene makolo sanalote n'chakuti tsiku lina Kandimverere adzalembedwa ntchito, azidzalandira malipiro, ndipo zam'maluwazo zizidzasindikizidwa m'mabuku. Lero amavala jekete, amakwera ndege, ndipo ntchito yake ndi yotilawira vinyo.

Mukamuone ali pantchito ku Vinitaly, chionetsero cha vinyo chimene chinayamba mu 1967 mumzinda wa Verona. Tambula amaigwira kumwendo, ati dzanja lingatenthetse vinyo. Amaizunguza, n'kulowetsamo mphuno yonse, maso ali tsinzinu. Kenako amapsontha pang'ono, amachukucha m'kamwa, n'kulavulira m'ndowa. Eya, kulavula. Munthu amene tamutuma kukatimwera sameza n'komwe. Akatero amasolola cholembera n'kulemba za maluwa oyera, za khungu la ndimu, za mwala umene wangonyowa ndi mvula. Pansi pake amaika malikisi pa 100, mchitidwe umene anautchukitsa Robert Parker wa ku America. Akakhala wa buku la Gambero Rosso, vinyo wopambana amamujambulira timatambula titatu, Tre Bicchieri. Ife kuno timawerenga, timagwedeza mutu, timagula.

Anthu a ku Soave amamudziwa bwino bamboyu. Soave ndi katauni kozunguliridwa ndi linga lakalekale kum'mawa kwa Verona, nyumba yachifumu ili pamwamba pa phiri, minda ya mphesa ili m'mapiri monsemo. Mu 1968 boma linaika vinyo wa Soave pansi pa lamulo la DOC loteteza mayina a vinyo, koma malire analowetsamonso chigwa, kumene nthaka ndi yachonde ndipo mphesa zimabereka mosaona nkhope. Vinyo anasefukira. M'ma 1970 Amereka ankamwa Soave wotchipa mosaleka, ndipo wambiri anali wosukuluka. Kandimverere analawa wa kuchigwa uja, n'kulengeza kuti Soave ndi madzi ovala botolo. Mbiri inafala, ndipo amene ankaifalitsa kwambiri ndi amene anali asanalaweko.

Nthawi yonseyi banja la Pieropan linali kumapiri, likuchita zake. Linayamba kupanga vinyo mu 1880, woyambitsa wake ali Leonildo Pieropan, dokotala wa m'tauniyo. Mdzukulu wake, Leonildo mnzake amene ankadziwika kuti Nino, ndiye anachita zimene ambiri ankaziona ngati misala: mu 1971 anatenga mphesa za munda umodzi wokha, Calvarino, n'kuziika m'botolo lakelake lolembedwa dzina la mundawo. Mu 1978 anachitanso chimodzimodzi ndi munda wa La Rocca. Nino anamwalira mu 2018, ndipo ntchito ili m'manja mwa ana ake, Andrea kumunda, Dario kopangira vinyo.

Kulawa mabotolo a nyumba imodzi kuli ndi ubwino umene Kandimverere sakonda kuti muudziwe, chifukwa umamuchepetsera ntchito. Wophika akakhala mmodzi koma nsima n'kusiyana, mumadziwa kuti nkhani ili pa ufa. Ikani matambula atatu pamzere, ndipo musaziziritse vinyoyo mpaka mano kuchita dzanzi, chifukwa kuzizira kwambiri kumatsekera fungo. Yambani ndi Soave wamba wa banjali, wopangidwa makamaka ndi mphesa za Garganega. Ndi wopepuka, wowawasira bwino, ndipo mukameza pamatsala kakuwawa pang'ono ngati ka mtedza wa amondi. Apa Kandimverere sananame, kakuwawako kalipodi.

Calvarino amachokera m'dothi lakuda la mapiri amene anaphulika kalekale. Garganega amamusakaniza ndi mphesa za Trebbiano di Soave, ndipo vinyoyo amakhwimira m'matanki a simenti, osakhudza mtengo. M'kamwa amalowa mowongoka, wakuthwa, wokhala ngati wathiridwa kamchere, ndipo amakuchititsani malovu mpaka mumayamba kufunsa ngati nsomba yapsa. La Rocca ndi wina. Munda wake uli pa Monte Rocchetta, m'munsi mwa nyumba yachifumu ija, m'dothi la laimu. Ndi Garganega yekhayekha, wothyoledwa mochedwa mphesa zitapsa kwambiri, ndipo amagona m'migolo ikuluikulu ya mtengo wa oki. Mtundu wake ndi wachikasu chozama, m'kamwa amadzaza, ndipo amakumbutsa uchi ngakhale satsekemera. Ambiri amagwadira La Rocca chifukwa ndi wodulirapo komanso amamveka msanga. Ine ndili kumbali ya Calvarino: sachita phokoso, koma tambula yake ndi imene imayamba kuuma.

Kuti muone kusiyana kumeneku simufunika satifiketi. Lilime lomwe lija limene limazindikira kuti ndiwo zachepa mchere likwanira. Chovuta chimabwera pofuna kufotokoza, ndipo apa tiyenera kumumvera chisoni Kandimverere. Kukoma kulibe mawu akeake. Munthu amabwereka kwa duwa, kwa chipatso, kwa mwala, ndipo akabwereka kwambiri amaiwala kubweza. Za mwala wonyowazo akatswiri a miyala amatsutsa: amati mizu siyamwa kukoma kwa thanthwe n'kukakuthira m'mphesa, ngakhale dothi limasinthadi mmene mpesa umapezera madzi ndi mmene zipatso zimapsera. Komanso ndani ananyambitapo phiri kuti atsimikize?

Tsoka lake, Kandimverere anaswana. Tsopano ali m'foni. Munthu amalowa m'sitolo, amajambula pepala la pabotolo pa pulogalamu ya Vivino, n'kudikira kuti anthu osawadziwa, ena a iwo atalawa ali ndi chimfine, amuuze nyenyezi zingati. Patebulo mumamuona akupsontha, nkhope ili ndwii, osanena kanthu. Akuyembekezera netiweki. Nyenyezi zikatuluka zinayi ndi kachidutswa, nkhope imamasuka, n'kunena kuti anamva kale kuti vinyoyu si wamasewera. Zikatuluka zitatu, tambula yomwe ija amaikankhira kutali, akudandaula kuti mutu wayamba kale kuwawa.

Nawo a malamulo ali ndi zam'maluwa zawo. Panali nthawi imene lamulo silinkalola kuti vinyo wotchedwa Soave Classico, kutanthauza wa m'mapiri akale aja, atsekedwe ndi chotsekera chopotokola. Ankafuna chamtengo chija chofuna chitsulo chozulira, chimene nthawi zina chimaononga vinyo n'kumununkhitsa ngati katoni yonyowa. A Pieropan anafuna chopotokola pa Soave wawo wamba kuti afike kwa womwa ali bwinobwino, choncho kwa kanthawi anachotsa mawu a Classico pabotolo. Minda inali yomweyo, mphesa zomwezo, manja omwewo. Sindikukayika kuti kwinakwake kunali bambo wina amene anaona kuti liwu lija lasowa papepala, n'kununkhiza kawiri, n'kuuza alendo ake kuti banjali layamba kuthira madzi.