Mlendo Wosakamuka

Zomera zina sizivutika n'kudzipezera chakudya. Zimaboola muzu kapena nthambi ya chomera chinzake n'kumayamwa madzi ndi zakudya. Mitundu yake imaposa 4,000, ndipo kaufiti wa m'minda ya chimanga ali m'gulu lomweli. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zikuoneka kuti akuluakuluwo sanazione bwino zomerazi, komanso sanakumanepo ndi msuweni wa masiku ano, amene amafika m'tauni kuti adzangogona masiku awiri, tsiku lachitatu n'kufunsa pasiwedi ya Wi-Fi.

Kukhalitsa kwa eni kumasintha mlendo mpaka m'kati mwa maselo. M'maselo muli tizigawo totchedwa mitochondria, mmene chakudya chimasandukira mphamvu, ndipo tizigawoti tili ndi DNA yakeyake. Mu 2015 asayansi anapeza kuti Viscum scurruloideum, chomera cha ku Asia chomera panthambi za mitengo, chili ndi zilembo za DNA pafupifupi 66,000 zokha mu mitochondria, pamene chimanga chili ndi pafupifupi 570,000. Chomera cha ku Asiachi chinataya majini onse 9 a gawo lotchedwa complex I, loyambirira pa ntchito yotulutsa mphamvu. Mu 2018 zinatsimikizika kuti Viscum album wa ku Ulaya nayenso alibe gawoli. Zomera zina ndi nyama zimalisunga ngati moyo. Koma munthu wodya pambale ya eni chaka ndi chaka sachedwa kugulitsa mbaula yake.

Alendo ena sangotaya zawo, amavalanso za eninyumba. Lophophytum mirabile wa ku South America amayamwa mizu ya mitengo ya m'banja la nyemba, ndipo pafupifupi majini 8 pa 10 alionse opanga mapuloteni mu mitochondria yake anachokera kwa mitengoyo. Ambiri analowa m'malo mwa akeake ndipo akugwira ntchito bwinobwino. Uyu ndi msuweni amene wapita ku intavyu atavala suti, nsapato ndi tayi ya mlamu wake, ntchito n'kuipezadi. Rafflesia wa ku Indonesia, Malaysia ndi Philippines, amene duwa lake limatha kukula mpaka pafupifupi mita imodzi n'kumanunkha nyama yowola, nayenso anatenga majini ambiri kwa mpesa wakutchire wotchedwa Tetrastigma, umene amakhala m'kati mwake mopanda tsamba, thunthu kapena muzu.

Njira ya katundu wa majini ameneyu ndi pamalo pomwe mlendo anaboolera. Maselo a zomera ziwirizo amagundana pamenepo, ndipo mitochondria ya zomera ili ndi khalidwe lophatikizana n'kusakaniza DNA mosafunsa mwini.

Nthawi zina katundu amalowera kwa mwininyumba. Zitsamba zina za mtundu wa Plantago zinapezeka ndi majini atatu ochokera kwa Cuscuta, chomera chonga ulusi chimene chimakulunga zinzake. Atawaunika, onse atatu anali akufa, osagwira ntchito iliyonse.