Tsiku limene forklift inavina gule

Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzakumba golide kuno ku Kwekwe, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanagwetsepo ngakhale fosholo. Ine mdzukulu wawo wa ku Amaveni, mmodzi wa amene anzathu Achishona amatitcha mabhurandaya, ndinagwetsa matumba 40 a simenti kamodzi n'kamodzi.

Chiyimireni Ziscosteel ku Redcliff mu 2008, munthu ukapeza ntchito umaigwira ngati dzira. Yanga ndi yoyendetsa forklift m'nyumba yosungiramo katundu wa m'migodi. Denga lake limadontha ngati sefa. Tsikulo mvula inagwa usiku wonse, ine n'kulowa mwamatama, ndikuimba mluzu. Nditaponda buleki, chigalimotocho chinazungulira ngati Kasiyamaliro pabwalo, simenti yense khuthu! m'madzi. Pofika masana, pakati pa nyumbayo panali patamera chulu cha konkire.

Kalata inabwera: kusasamala pa ntchito. Ndinati ayi, pano pokha ndilimba. Pakampani pathu timatsata lamulo la boma la 2006, limene limati wantchito apatsidwe masiku atatu okonzekera, abwere ndi womuimira, aitanenso mboni. Masiku atatuwo ndinawathera pagalasi, ndikuloza chala m'mwamba. Mayi a kunyumba anangoti, “Bambo, ufa watsala wa Lachisanu.”

Tsiku la mlandu ndinavala jekete ya ukwati. Wa komiti ya antchito anakhala pambali panga, ndipo mboni yanga inali achimwene amene amakolopa.

“Bwana,” ndinayamba, “za dengali ndinalemba m'buku katatu.” Bukulo analibweretsa. Limakhala pansi pa denga lomwelo, ndiye inki yonse inali itasungunuka, masamba atamatana ngati chikondamoyo.

Sindinagonje. “Nanga chikwangwani chachikasu chochenjeza za madzi chinali kuti?” Apa ndinamenya tebulo.

Mboni yanga inatsokomola. “Achimwene, paja munachitenga ndinu Lolemba. Mumakhalira pa nthawi ya tiyi.”

Wa komiti anayamba kuwerenga zala zake ngati waziona koyamba.

Ndinaopseza kuti nkhaniyi ikafika ku khoti la antchito ku Gweru. Abwana anavomera mwaulemu kuti ufuluwo ndili nawo, n'kufunsa ngati ndalama ya kombi ndili nayo. Ndinasisita thumba la jekete, n'kupezamo khadi la ukwati wathu lokha.

Komabe musandiseke kwambiri. Podikira chigamulo, dontho lalikulu linagwera pa dazi la abwanawo, thapu! Chenjezo lomaliza linasanduka loyamba pomwepo, ndipo sabata yotsatira denga linakhomedwa malata atsopano. Chulu chija anandipatsa ine kuti ndichiphwanye ndi piki. Lero ndi tsiku lachinayi, ndipo ndikapuma ndimakhala pa chidebe.