Galu si mmbulu

Ku Ulaya ndi ku America kwabuka fasho yoti galu akamadzikanda azipatsidwa nyama yaiwisi, ati poti kholo lake mmbulu silinkadziwa poto. Nzeruyi inatchuka ndi buku la mu 1993 la Ian Billinghurst, dokotala wa ziweto wa ku Australia. Komatu zakudya zomwe zimawenga agalu kawirikawiri ndi nyama ya ng'ombe, mkaka ndi nkhuku, ndipo ng'ombe yosaphika ikadali ng'ombe, kungoti nthawi zina imabwera ndi tizilombo ta Salmonella mpaka pathabwa lodulirapo ndiwo. Ena akuti chilengedwe sichinama. Chabwino, koma kafukufuku wa mu 2013 anapeza kuti galu amagaya zakudya za ufa kuposa mmbulu, zomwe galu wokulira mkute akanawauza ulere. Wanu akayamba kudzikanda, yambani mwamuyang'ana utitiri.