Mpweya Amaugula Bwanji, Aphunzitsi?

Wayilesi ya mnyamata wokonza njinga pa msika wa Chimbonila sizima. Amaipachika pa msomali pamwamba pa machubu akale, ndipo aliyense wodikira chapa (minibasi) yopita ku Lichinga amamva nkhani, afune asafune. Tsiku limenelo, kumapeto kwa Novembala 2025, mitambo inali itachita bii koma mvula osagwa, ndipo wowerenga nkhani ankakamba za msonkhano wa mayiko wa zanyengo umene unangotha kumene mumzinda wa Belém ku Brazil. Anatchula thumba latsopano la ndalama zolipira mayiko osunga nkhalango zawo, natinso dziko la Norway lalonjeza kuponyamo madola 3 biliyoni.

Mkulu wina wa kofiya yoyera, amene anakhala duu pa benchi atatsamira ndodo yake, anadzutsa mutu.

"Wati Norway? Amenewotu timawadziwa. Mitengo yawo ili kuseri kwa mudzi wathu."

Basi nkhani inayambira pomwepo. Anthu ankayankhula Chiyao chosakaniza ndi Chinyanja, Chipwitikizi chikulowerera apo ndi apo monga mwa nthawi zonse kuno, ine ndili chete pambali pa mayi wogulitsa mbatatesi, makutu ali tcheru.

Mkuluyo sananame. Kuyambira cha m'ma 2005, makampani obzala paini ndi bulugama anakhamukira kumtunda kozizira kuno, m'maboma a Lago, Sanga, Muembe ndi kuno komwe. Khomo linatsegulidwa ndi bungwe la Malonda, limene boma la Mozambique linakhazikitsa mothandizana ndi Sweden kuti likope amalonda abwere kuchigawo chino cha Niassa. Kampani imene dzina lake linamveka kwambiri inali Chikweti Forests of Niassa. Ndalama zake zinkachokera ku Global Solidarity Forest Fund, thumba loyambitsidwa ndi mipingo ya ku Sweden ndi Norway, momwe munadzalowanso ABP, thumba la penshoni la aphunzitsi ndi ogwira ntchito za boma ku Netherlands. Dayosizi ya Anglican ya Niassa nayo inali ndi kagawo kake. Malonjezo anali okoma: ntchito kwa anthu, phindu kwa oponya ndalama, ndi mitengo yambirimbiri yoyamwa mpweya umene ukutenthetsa dziko. Mu 2014 minda ya mitengoyo inapita m'manja mwa Green Resources, kampani yoyambira ku Norway.

"Anatifunsa, inde," anatero mkulu uja. "Anaitana amfumu, tinakhala pansi pa mango, anawerenga pepala la Chipwitikizi. Koma iwo akati malo opanda ntchito, ankaloza tsala. Tsala si malo otayidwa, ana inu. Ndi munda umene ukupuma. Pakapita zaka zingapo timabwererako n'kulimanso. Ife titafuna kubwerera tinapeza paini ali m'mizere."

Lamulo la malo la 1997 limanena kuti nthaka yonse ndi ya boma, koma limazindikira ufulu wa anthu a m'midzi pa malo amene akhala akugwiritsa ntchito mwa chikhalidwe chawo, ngakhale alibe pepala. Limatinso kampani isanapatsidwe chilolezo chotchedwa DUAT, eni dera afunsidwe. Lamulo labwino ndithu. Vuto linali pa kafunsidwe kake, ndipo mabungwe a alimi monga UNAC anafuula kwa zaka zambiri za nkhaniyi. Boma lenilenilo litafufuza mu 2010 linapeza kuti Chikweti inali italowa m'malo ambiri amene inalibe chilolezo chake.

Bambo wina wa nsapato za jombo sanafune kuti nkhani ipendekere mbali imodzi.

"Agogo, tinene zonse. Ine ndinagwirako ntchito ku nazale. Malata a nyumba yanga ndinagula ndi ndalama ya kumeneko, njinga iyi ndi yakomweko. Kale kuno munthu ankalandira malipiro a pamwezi kuti?"

"Nanga lero mukugwirabe, achimwene?" anafunsa mayi wa mbatatesi, akusanja milu yake osayang'ana n'komwe.

"Ayi. Mitengo ikakula safuna anthu ambiri. Amatsala alonda ndi ozimitsa moto."

"Ndiye mwaona. Ntchito yake inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wanu ukufunanso khasu. Amuna anga anapita kukabzala paini, nyemba zathu zinadyedwa ndi udzu."

Sanakangane. Onse awiri ankanena zoona, ndipo ankadziwa kuti akunena zoona. Chimene ndinaona n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe pa benchipo amene ankadana ndi mitengo, kapena kukana kuti nyengo yasokonekera. Mayi uja ananena yekha kuti mvula imene kale ankaidziwa tsiku lake, masiku ano imachedwa, ikabwera imabwera ya mkokomo n'kukokolola mizere ya kudimba. Chimene chinkawawawa n'chakuti zinthu zimapanganidwa kutali, iwo n'kudzangoona zotsatira zake zitafika pa munda.

Apa n'kuti mphunzitsi wina wa sukulu ya sekondale atafika, chikwama chili pakhwapa. Mnyamata wa njinga anamukodola.

"Aphunzitsi, tithandizeni. Amati azungu amagula mpweya wa m'mitengo. Mpweya amaugula bwanji? Amauthira m'chiyani?"

Anthu anaseka, koma mphunzitsiyo anayankha mofatsa. Anati fakitale, ndege kapena galimoto ikawotcha mafuta kapena malasha imatulutsa mpweya wa kaboni, umene umaunjikana mumlengalenga n'kumasunga kutentha. Mtengo ukamakula umayamwa mpweyawo n'kuusunga m'thunthu ndi m'mizu. Ndiye akatswiri amayeza nkhalango, pansi pano ndiponso pa zithunzi za setilaiti, n'kuwerengera matani a mpweya amene asungika chifukwa mitengo sinadulidwe kapena chifukwa yabzalidwa yatsopano. Tani iliyonse imalembedwa pa pepala, ndipo pepalalo ndilo limagulidwa.

"Ndipo dziko lathu lino linalandirapo kale," anapitiriza. "Mu Okutobala 2021 World Bank inapereka ku Mozambique madola 6.4 miliyoni chifukwa choti m'maboma 9 a ku Zambézia kudula mitengo kunachepa, n'kupulumutsa matani 1.28 miliyoni. Tinali dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kulipidwa kuchokera m'thumba la World Bank la ntchito imeneyi. Mgwirizano wonse unali wofika madola 50 miliyoni, ndipo gawo lalikulu linalembedwa kuti lipite kwa anthu a m'midzi."

Kamnyamata kena ka foni m'manja kanawerengera msanga.

"Ndiye kuti tani imodzi ndi madola 5. Mametikali 300 ndi kakuti."

Bambo wamakala, amene anaimika njinga yake yolemedwa ndi matumba pafupi pomwepo, anapukusa mutu.

"Tani yathunthu? Ine ndikapalasa kukafika ku Lichinga ndalama ngati imeneyo ndimaigwira lero lomwe, ana n'kudya madzulo. Anthu ena abwera kangapo kumudzi kudzatiuza kuti tisiye kuwotcha makala. Ndinawafunsa kuti amayi a ku Lichinga aphikira chiyani, nanga ine ndidya chiyani. Anati ndalama za mpweya zikubwera. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, aphunzitsi, wapachala ngwamphepo."

Mawu amenewa anandilowa, chifukwa ngakhale ku misonkhano ikuluikuluyo dandaulo la mayiko osauka n'lomweli. Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Chiwerengerocho chinadzakwana mu 2022, mochedwa, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali ngongole. Ku Baku mu 2024 analonjezanso madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, nthumwi za mayiko osauka n'kutuluka zikudandaula kuti zachepa kwambiri. Bambo wamakala sanapiteko ku Baku, koma chimene akudandaula n'chimodzimodzi ndi cha nduna zimene zinapitako.

Kamnyamata ka foni kanali ndi mkwiyo wake.

"Ine ndinakhalako ku Cuamba. Sitima za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa usana ndi usiku kupita ku Nacala, mabogi osawerengeka. Gasi wa ku Cabo Delgado anayamba kutumizidwa kunja mu 2022. Zonsezo zikukawotchedwa kwa iwo komweko. Ndiye wolakwa akhale malume awa ndi matumba awo?"

"Makala nawo akumaliza tchire, mwanawe, tisabise," anatero mkulu wa kofiya. "Masuku tinkatola kuseri kwa nyumba. Lero adzukulu anga amayenda mtunda."

"Zoona, agogo. Koma aliyense asenze mtolo wolingana ndi zimene wawononga."

Mphunzitsi anavomera, nati mfundo imeneyo ndi imene inalembedwa m'mapangano kuyambira pa msonkhano wa ku Rio de Janeiro mu 1992: udindo ndi wa onse, koma si wofanana. Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana magawo 4 pa 100 alionse a dziko lapansi. Pangano la ku Paris la 2015 linamanga pafupifupi mayiko onse, lililonse kulemba lokha zimene lichite. Koma mu Januwale 2025 pulezidenti Donald Trump analamula kachiwiri kuti United States, dziko limene latulutsa mpweya wambiri kuposa lina lililonse m'mbiri, lituluke m'panganolo.

"Ndiye akutulukamo wamkulu, ife ang'onoang'ono tikhaliremo chiyani?" anafunsa bambo wa jombo.

Anayankha ndi mayi wa mbatatesi, ndipo ulendo uno anasiya kusanja n'kuwongoka.

"Mufunse mng'ono wanga wa ku Mecanhelas. Anamondwe akutsatizana ngati atumidwa. Idai uja wa ku Beira tinangomumva pa wayilesi mu 2019, koma Freddy anafika pafupi, madzi anadya chimanga chili m'munda. Abale athu a ku Malawi anakwiriridwa ndi matope ku Blantyre ndi ku Phalombe, ena mpaka lero sanapezeke. Chaka chathachi kunali Chido, mu Disembala, anadutsa konkuno ku Niassa atasasula madenga ku Mecúfi. Tikatulukamo, tikadandaula kwa yani?"

Panakhala kaye zii. Kenaka mphunzitsi anafotokoza kuti za kudandaula kumeneku n'zimene zinabala thumba lolipira zowonongeka, limene mayiko anavomereza ku Sharm el-Sheikh mu 2022 n'kulitsegula ku Dubai mu 2023. Malonjezo oyamba anangokwana madola pafupifupi 700 miliyoni, ndalama yosakwana n'kukonzanso zimene Idai yekha anawononga kuno. Koma anawonjeza kuti Scotland, imene inayamba kupereka ndalama za mtundu umenewu mu 2021, inatumiza zina ku Nsanje m'Malawi Freddy atadutsa, ndipo mabanja ankalandira okha pa foni n'kumasankha okha chochita, kaya kumanga nyumba kumtunda kaya kugula mbewu.

"Pa foni? Osadutsa mwa wina aliyense?" mayiyo anafunsa. "Ndiye kuti zimatheka."

Zimathekadi, ndipo n'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi amene amati misonkhano imeneyi ndi yongotaya nthawi. Uthenga wochenjeza za namondwe umene umafika pa foni kuchokera ku INGD, bungwe la boma loona za ngozi zadzidzidzi, masiku angapo mphepo isanafike umatheka chifukwa mayiko amagawana zimene setilaiti zawo zaona, ndipo wapulumutsa miyoyo. Dziko ngati Mozambique, lokhala ndi gombe la makilomita oposa 2,400 moyang'anana ndi nyanja yobala anamondwe, silingadziteteze lokha. Koma Niassa anaphunzira ndi thupi lake kuti ndalama ya zolinga zabwino, ngakhale yochokera ku mipingo, ingathe kulanda mlimi munda ngati mlimiyo sali pa mphasa pamene akupangana. Mgwirizano wa Oslo, Stockholm ndi Maputo umathera pa tsala la munthu wa kumudzi kuno, ndipo munthuyo ayenera kudziwa malire ake, mtengo wa tani, zaka zimene akumangidwa, ndi foni imene ndalama idzagwere. Ku Sanga kuli chitsanzo cha Chipanje Chetu, kumene midzi imalandira gawo la ndalama za nyama zakutchire za m'dera lawo, ndipo lamulo la dziko limati magawo 20 pa 100 a misonkho ya nkhalango ndi nyama azibwerera kwa eni dera. Njira zilipo kale. Thumba la ku Belém lija nalo linalemba kuti gawo limodzi mwa magawo asanu lizipita kwa anthu okhala m'nkhalangomo. Chofunika n'chakuti anthuwo adziwe kuti linalembedwa, kuti akathe kulifunsa.

Mkulu wa kofiya anaoneka kuti nayenso maganizo ake anali komweko. M'zaka zaposachedwa Green Resources inabweza malo ambiri amene inali isanabzale, m'zigawo za Niassa, Nampula ndi Zambézia, ndipo midzi ina inathandizidwa kuyeza malire ake n'kulandira mapepala. Mkuluyo anati kumudzi kwawo kwamveka kuti kukubweranso alendo ena, a nkhani ya mpweya yomweyi, ndipo asiya kale chikalata kwa amfumu.

"Ulendo uno sindidinda chala pa chinthu chimene sindinamve. Aphunzitsi, mungabwere mudzatiwerengere mzere ndi mzere, m'Chiyao? Osati mwachidule ayi, chonse."

"Ndibwera, agogo. Liti?"

"Lachisanu tikatuluka ku mzikiti. Ndipo amayi abwerenso, minda ya nyemba ndi yawo."

"Ine ndidzafunsa za madzi," anatero mayi wa mbatatesi. "Ngati ndi bulugama, asayandikire kudimba."

Bambo wamakala anati iye adzafunsa tsiku lenileni limene ndalama yoyamba idzafike, ndipo alilembe pa pepalapo. Kamnyamata ka foni kanati kadzajambula masamba onse a chikalatacho, kuti pasadzakhale wonena kuti chinasochera.